Usanagulitse Ng'ombe za Atate Ako

Ana anga a ku Lundazi, inu a kwa Mwase, a kwa Mphamba, a kwa Kapichila, ndi inunso a ku Lumezi ndi ku Chasefu amene munapatsidwa maboma anuanu mu 2018 koma msika tikugulabe umodzi, khalani pansi. Ndili ndi mawu.

Mwezi wathawu mnyamata wina anandiimika pa siteshoni ya mabasi pa Boma. Satifiketi ya giredi 12 ili m'chikwama, masamu ndi sayansi anakhoza bwino. Anandigwira mkono ndi manja awiri, nati, "Amalume, ndikufuna kuyendetsa ndeke. Atate avomera kugulitsa ng'ombe." Maso ake ankawala. Ine mtima unangoti psuu, chifukwa mawu omwewo ndinawanenapo ine ndi pakamwa pangapa. Basi ya ku Chipata inali italiza kale huta, ndiye sindinathe kumuuza zonse. Ndalemba kuti amve iye, umvenso iwe amene ukubisa maloto omwewa pansi pa mphasa.

Sindikukuletsa. Umve bwino, sindikukuletsa. Yichida Ndlovu, mayi woyamba wa mu Zambia kuyendetsa ndege, anabadwa ndi manja awiri ngati akowa, ndipo anafika poulutsa ndege za Zambia Flying Doctor Service zonyamula madokotala ndi odwala. Mwana wa kuno kwa Kanele naye angathe. Koma pali njira yofikira, palinso njira yothera chuma cha banja lonse m'mlengalenga n'kutsika chimanjamanja. Ine ndinayamba ndi yachiwiriyo.

Ndinali mphunzitsi wa pulayimale. Ndinasunga ndalama zaka zingapo, atate n'kuwonjezera ng'ombe. Ndinanyamuka kupita ku South Africa ndikudziwa nambala imodzi yokha: 200. Aliyense ankati laisensi yoti uzilipidwa nayo, imene amaitcha CPL, imafuna maola 200. Ndinkaganiza kuti maola ali ngati chimanga cha m'nkhokwe, ungothira dengu pa dengu mpaka idzaze. Safunsa anadya phula.

Tamvera mmene zilili. Bungwe la za ndege la ICAO, limene likulu lake lili ku Montreal, ndilo limaika malire otsikitsitsa a dziko lonse lapansi, ndipo dziko lililonse limalemba malamulo ake pamwamba pa malirewo. Kwathu kuno mwini malamulo ndi Zambia Civil Aviation Authority. Laisensi yoyamba, PPL, imafuna zaka 17 zakubadwa ndi maola osachepera 40, ngakhale ambiri amapitirira pamenepo asanakhoze. Ndi PPL ukhoza kuuluka wekha kapena ndi anzako, koma sungalandire ngakhale ngwee imodzi ya malipiro. CPL imafuna zaka 18 ndi maola 200, kapena 150 ngati maphunziro onse wachitira pa sukulu imodzi yovomerezeka motsata ndondomeko yake kuyambira tsiku loyamba mpaka lomaliza. Koma maola 200 amenewo ali ndi zipinda. Mwa iwo, 100 akhale oti iwe ndiwe mwini ndege, wolamula, amene m'buku amalemba kuti PIC. Mwa 100 amenewo, 20 akhale a maulendo ataliatali, ndipo ulendo umodzi ukhale wa makilomita osachepera 540, wotera ndi kuimiratu pa mabwalo awiri osiyana. Maola 10 akhale ophunzira kuyendetsa poyang'ana mawotchi a m'ndege okha, osaona kunja. Ngati ufuna kumauluka usiku, maola 5 akhale a usiku, kunyamuka kasanu ndi kutera kasanu uli wolamula.

Werenganso ndimeyo. Uiwerenge kawiri. Ine ndinaidziwa nditawononga kale.

Buku la maola, logbook, lili ndi mizere yotsika, mzere uliwonse ndi chipinda chake. Woyesa mayeso sayamba ndi nambala yaikulu ya pansi pa tsamba. Amayendetsa chala mzere ndi mzere. Tsiku limene mphunzitsi wina wachikulire anatenga buku langa n'kuliwerenga ndi pensulo, ndinali ndi maola 170 ndi kanthu. Ndinkayenda mapewa ali m'mwamba, ndimvekere ndatsala pang'ono. Mkuluyo anawerenga mwakachetechete, anavula magalasi, nati, "Aphunzitsi, maola muli nawo, koma ali m'zipinda zolakwika." A PIC anali asanafike ngakhale 60. A ulendo wautali anali owerengeka pa zala. A usiku panalibe ndi limodzi lomwe.

Anapita kuti maola onsewo? Ndinkaopa kupita kutali ndekha, ndiye kawirikawiri ndinkapempha mphunzitsi kuti akhale pambali panga. Ola lotero limalowa m'chipinda cha ophunzitsidwa, ndipo umalipira ndege, n'kulipiranso mphunzitsi. Masiku amene ndinauluka ndekha ndinkangozungulira pafupi ndi bwalo, pamwamba pa madamu ndi minda yomweyomweyo, kujambula zithunzi zoika pa Facebook kuti a kwathu aone. Ichi chakoma ichi chakoma, pusi anagwa chagada. Masamu ake ndi osavuta, mwana wa giredi 5 angawachite: ngati 100 ayenera kukhala ako wekha, ndiye a mphunzitsi asapitirire 100. Ola lililonse loposa pamenepo wagula ndi ndalama koma silikukusendeza pafupi ndi laisensi. Ine ndinamaliza ndi maola oposa 260. Maola 60 aja ndi ng'ombe. Ndi ng'ombe zenizeni, za nyanga ndi michira, zimene ndinkazidziwa mayina.

Chinsinsi chimene palibe anandiuza ndi ichi: ola limodzi likhoza kudzaza zipinda ziwiri kapena zitatu nthawi imodzi. Ukanyamuka wekha ulendo wopita ku bwalo lakutali, ola lomwelo ndi la PIC, ndi la ulendo wautali, ndipo likuwonjezera pa 200 paja. Ukapeza chilolezo cha usiku msanga, ukangotenga PPL, ndiye maola a usiku otsatira akulowanso m'chipinda cha PIC. Ine ndinasiya za usiku mpaka kumapeto, ndipo ndinachita kugula maola ena apadera. Tsono usanalize injini, dzifunse kuti, ola ili likulowa m'chipinda chiti? Ngati yankho palibe, tsika. Tseka chitseko. Pita ukawerenge.

Ndipo ulendo wa makilomita 540 usauone ngati chilango. Ukanyamuka ku Lusaka, n'kutera ku Chipata, n'kudzateranso ku Mfuwe, wakwanitsa kale. Ulendo umodzi wotero umaphunzitsa zimene maola 20 ozungulira bwalo sangakuphunzitse: kuwerenga mafuta, kutsata mapu pamene pansi pali tchire lokhalokha, kuzindikira mtsinje wa Luangwa uli patali, kulankhula pa wailesi ndi anthu osawadziwa, kufunsiratu ngati kumene ukupitako kuli avgas, mafuta obiriwira ngati thambo aja amene tindege tating'ono timamwa. Si bwalo lililonse limagulitsa. Kampani imene idzakulembe ntchito kutsogolo idzayang'ana mayina a mabwalo amene unaterapo. Buku lodzaza ndi dzina limodzi lokhalokha limanena za mwini wake kuti ndi wamantha kapena ndi waulesi.

Koma ndathamangira kutsogolo. Cholakwa choyamba chimachitika munthu asanaone ndi ndege yomwe.

Yamba ndi dokotala. Ndikubwereza, yamba ndi dokotala. PPL imalola chikalata cha zaumoyo cha Class 2, koma CPL imafuna Class 1, chimene chimayesa maso, makutu, mtima ndi zina mozama. Ambiri amatenga Class 2 chifukwa ndi chotsika mtengo, amvekere Class 1 tidzaona kutsogolo. Inenso ndinatero, ndipo Mulungu anangondichitira chifundo kuti thupi langa linalibe vuto. Mnzanga amene tinkagona chipinda chimodzi sizinamuyendere choncho. Anali wanzeru kundiposa, dzanja lake pa ndege linali lofewa. Atapitirira maola 100 anapita kukayezetsa Class 1, ndipo anamupeza ndi vuto la mtima limene iye sankalidziwa n'komwe. Ndinamuperekeza ku basi. Sanalire. Anangogwira buku lake la maola pachifuwa ulendo wonse wopita ku siteshoni. Kwawo anali atagulitsa nyumba. Kuyezetsa kumene kukanamuuza zoona tsiku loyamba kunali kotsika mtengo kuposa maola ochepa chabe a ndege. Ndipo ukalephera Class 1 moyo sunathe. Ku ZASTI, sukulu ya boma ya za ndege imene ili pa bwalo la Kenneth Kaunda ku Lusaka, amaphunzitsanso okonza ndege ndi olondolera ndege ali pansi. Ndi ntchito zolemekezeka. Koma uzidziwe ng'ombe zikadali m'khola.

Tsopano za ndalama. Pano ndikhalitsapo, chifukwa ndi pamene pali chilonda changa.

Sukulu imene ndinayambira inali yaing'ono, ya tindege titatu. Anandiuza kuti ndikalipiriratu zonse andichotsera mtengo. Ndinasangalala. Ndinapereka ndalama yonse tsiku limodzi, thukuta la zaka zanga za m'kalasi pamodzi ndi ng'ombe zinayi za atate. PPL ndinaipeza. Kenaka ndege imodzi inawonongeka injini, ina inakhala miyezi ikudikira zitsulo, tonse tinayamba kulimbirana yotsalayo. Tsiku lina m'mawa tinapeza loko pa chitseko. Ndalama zanga zotsala zinapita ndi loko ameneyo. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Mwana wanga, usalipiriretu zonse, ngakhale akulonjeze zotani. Lipira pang'onopang'ono, maola 10 kapena ochepera, uwauluke, ulipirenso. Sukulu yabwino siikana zimenezi. Usanasaine kalikonse, pita ukaone ndi maso ako kuti ndege zouluka ndi zingati, zogona m'shedi ndi zingati, ophunzira ndi angati. Ufunse ophunzira eni ake, kuseri, osati a mu ofesi. Ufunsenso a Civil Aviation Authority ngati sukuluyo ili yovomerezeka. Ufunse ngati mtengo wa ola ukuphatikiza mafuta, ngati ola amaliwerenga kuyambira pamene injini yalira kapena pamene matayala achoka pansi, ngati ndalama yoterera pa bwalo ndi ya woyesa mayeso zili momwemo, ndiponso kuti ukaphwanya tayala ulipira zingati inshuwalansi isanalowererepo. Mbewa yamanyazi inafera kuuna.

Ndinabwerera ku Zambia ndi laisensi ya dziko lina. Apanso panali phunziro: laisensi ya kunja siigwira ntchito yokha pa ndege zolembetsedwa kuno, imayenera kuvomerezedwa kapena kusinthidwa, ndipo zimenezo zimadya nthawi ndi ndalama. Ngati ukaphunzire kunja, ku Port Alfred kapena ku Wonderboom ku South Africa, kapena kwina kulikonse, dziwiratu usananyamuke zimene adzakufunse pobwera.

Ndinayambiranso kubwereka ndege ya Cessna ku Lusaka, mtengo wake wowerengedwa m'madola. Malume anga analonjeza kuthandiza akagulitsa thonje. Msuweni wina ku Copperbelt analonjeza. Ndinawerengera malonjezo onsewo ngati ndalama ya m'thumba. Fodya wako ndi amene ali pamphuno, wa pachala ndi wa mphepo. Kenaka chinafika chaka cha 2015. Mtengo wa kopa unagwa, magetsi ankazima tsiku ndi tsiku, ndipo dola imene kumayambiriro kwa chaka tinkaigula ndi makwacha 6 ndi kanthu inapitirira makwacha 12 chaka chisanathe. Ndalama imene ikanagula maola awiri inayamba kugula limodzi. Msuweni uja anachotsedwa ntchito ku mgodi. Ndinaima.

Ndinakhala pansi chaka ndi miyezi. Anthu amaganiza kuti maola akalembedwa m'buku ndiye kuti asungika, ngati ndalama ku banki. M'buku amakhaladi, koma m'manja amachoka. Dzanja limaiwala. Phazi limaiwala. Khutu limaiwala kumva wailesi. Ndi chifukwa chake lamulo limati usanyamule munthu ngati sunanyamuke ndi kutera katatu m'masiku 90 apitawo. Nditabwerera, kutera kwanga koyamba ndege inadumpha katatu ngati chule. Ndinachita kugula maola ena ndi mphunzitsi kuti ndibwerere pamene ndinali kale. Chikalata cha dokotala chinali chitatha, pakuti Class 1 imakhala chaka chimodzi. Mayeso olemba amene ndinakhoza anali ndi nthawi yake, ndipo ena anandithera, ndinawalembanso, n'kulipiranso. Kuima pakati kumadula kuposa kuchedwa kuyamba. Ndi bwino kukhala zaka zitatu ukugwira ntchito ndi kusunga, kenaka n'kuuluka katatu kapena kanayi pa sabata mpaka kumaliza, kusiyana ndi kuyamba mawa ndi ndalama ya theka la njira. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

M'nthawi yoima ija ndinabwera kumudzi. Ndinafika madzulo, mvula yoyamba itagwa. Ndinadutsa pa khola. Munali mutamera bonongwe wamtali kufika m'mawondo, chipata chili chotsegula, palibe chotsekera. Goli linali litatsamira pa nkhokwe, chiswe chitayamba kulidya. Ng'ombe ziwiri zolima, zimene atate ankati sadzagulitsa ngakhale kugwe njala, anali atazigulitsa osandiuza, kuti anditumizire ndalama yomaliza. M'mawa ndinawapeza kumunda, munthu wa imvi mutu wonse, akuunda mizere ndi khasu, amayi akubzala mtedza pambuyo pawo. Sanandidzudzule. Akanandikalipira bwenzi zili bwino. Anangoweramuka, n'kupukuta thukuta, nati, "Wafika, mwana wanga? Ndeke ikuyenda bwanji?" Mlongo wanga wamng'ono, amene anali atapeza malo ku koleji ya unamwino, anakhala pakhomo zaka ziwiri chifukwa cha ine. Nkhuyu zodya mwana zinapota akulu. Ukamati "atate avomera," dziwa kuti kholo limavomera ngakhale chinthu choti chiliphe. Kuwerengera kuli kwa iwe.

Pali zambiri zimene ungachite ukadali kuno ku Lundazi, osawononga ng'ombe ndi imodzi yomwe. Maphunziro a pansi ndi theka la ntchito: malamulo a ndege, zanyengo, kutsata mapu, mmene injini imagwirira ntchito, kuwerenga kulemera kwa katundu. Mabuku amenewa ungawerenge pa nyale ya sola, ukuchokera kumunda kapena ku ntchito. Werenga msanga, koma mayeso ulembe pamene ndalama yomalizira ikuoneka, kuti asakuthere ngati anga. Nola Chingerezi cha pakamwa, chifukwa pa wailesi ICAO imafuna kuti ufike pa Level 4, ndipo wolondolera ndege sadikira kuti uyambe wamasulira m'mutu kuchokera ku Chichewa kapena Chitumbuka. Wophunzira wobwera atawerenga amamva kamodzi. Wobwera mutu uli mbee amaphunzira m'mwamba zimene akanaphunzira pansi pa mtengo wa mango, injini ikudya malita oposa 20 pa ola. Ukapeza PPL, sankha kandege kotsika mtengo. Ola la mu Cessna 152 ya mipando iwiri limalembedwa chimodzimodzi ndi la mu Cessna 172 ya mipando inayi. Mnzako akamapita ulendo wake wautali, pempha kukhala pambali. M'buku mwako simulowa kanthu, pakuti wolamula amakhala mmodzi, koma maso ndi makutu akuphunzira kwaulere. Ndipo maola omaliza uwasungire mphunzitsi wokukonzekeretsa mayeso, kuti ufike pa 200 dzanja lili lakuthwa.

Uwerengerenso nyengo. Iwe ndiwe mwana wa mlimi, izi usachite kuuzidwa. Kuyambira Meyi mpaka Julaye kumwamba kumakhala koyera, mpweya wozizira, ndege imakwera mosavuta. Imeneyo ndiyo nthawi ya maulendo ataliatali, ndipo ndalama yako ikhale yokonzeka nthawi imeneyo. Ogasiti amabwera ndi mphepo. Sepitembala ndi Okutobala utsi wa lupsa umaphimba dziko, moti uli m'mwamba sutha kuona pamene thambo lathera ndi pamene nthaka yayambira. Kutentha kwa Okutobala kumapepukitsa mpweya. Lusaka ndi Lundazi ali pamtunda wopitirira mamita 1,000 kuchokera pa nyanja yamchere, ndipo masana otentha ndege imathamanga mtunda wautali isanadzuke, n'kumakwera mwaulesi. Kuchigwa ku Mfuwe kutentha kumafika madigiri 40. Kuyambira Novembala mpaka Malichi mitambo ya mabingu imakula dzuwa likapendeka. Wouluka nthawi ya dzinja amanyamuka mbandakucha, pofika masana ali pansi.

Ine zimenezi ndinkazidziwa. Ndinazikhoza pa mayeso. Koma tsiku lina kumapeto kwa Novembala ndinafuna kuti a kwathu andione ndikutera pa bwalo la ku Lundazi, lomwe lija ndinkathamangirako wopanda nsapato ndili mwana ndikamva kulira kwa ndege. Ndinatumiza uthenga. Amayi anaphika thobwa, atate anapha mbuzi, anthu a m'mudzi anakwera njinga kupita ku bwalo. Ndinachedwa kunyamuka ku Lusaka, ndinachedwanso ku Chipata. Ponyamuka kachiwiri dzuwa linali litapendeka, ndipo chakumpoto kunali kutaima mtambo wakuda bii pansi, pamwamba poyera ngati thonje, wotalika ngati chulu chofika kumwamba. Mtima unandiuza kuti gona pompano. Manyazi anati anthu akudikira. Ndinamvera manyazi.

Ndinatsata msewu wa Chipata kupita ku Lundazi. Poyamba kunali bata. Kenaka madontho akuluakulu anayamba kumenya galasi ngati munthu akuponya miyala pa malata. Ndinatsika pang'ono kuti ndisataye msewu. Ndinatsikanso. Cha ku Lumezi msewu unasowa. Ndege inakwezedwa ngati tsamba, kenaka inagwetsedwa, mutu wanga unagunda denga ngakhale ndinali nditamanga lamba, mapu anagwera ku mapazi. Ndinaona muvi wa wotchi yosonyeza kutalika ukutsika pamene ine ndikukoka kuti ndikwere. M'kamwa munauma gwa. Pamenepo m'pamene ndinatembenuka, mochedwa kwambiri, mitengo ikuoneka nthambi imodziimodzi pansi panga. Nditatera ku Chipata miyendo inkanjenjemera moti ndinalephera kuponda mabuleki bwinobwino. Ndinazimitsa injini n'kukhala momwemo nthawi yaitali. Usiku ndinaimba foni, mawu akukanika kutuluka. Atate anati, "Mbuzi tadya tokha. Iwe ubwere wamoyo." Tsiku limenelo akanalandira bokosi m'malo mwa mwana, pamwamba pa khola lopanda ng'ombe. Munthu wa maola 100 kapena 150 ali pa msinkhu woopsa, chifukwa mantha a poyamba atha koma nzeru sizinabwere. Usauze anthu ola limene udzatere. Usamange lonjezo limene lidzakukankhire mu mtambo.

Chatsala chinthu chimodzi, ndipo ndi chimene chimandichititsa manyazi koposa. Ndikunena chifukwa chiyeso chimenechi chidzakupeza nawenso, usiku, uli wekha ndi buku ndi bolopeni, ndalama zitatha. Ndinalemba maola awiri amene sindinauluke. Awiri okha. Ndinadziuza kuti palibe adzadziwe. Koma ndege iliyonse ili ndi buku lakelake, ndipo sukulu imasunga kaundula wa amene anaitenga, tsiku liti, nthawi yanji. Mphunzitsi wachikulire uja anayerekeza mabukuwo. Anandiitanira kuseri kwa shedi kuti ena asamve. Anati, "Munthu wonama pa maola adzanama pa mafuta, adzanama pa kulemera kwa katundu, ndipo tsiku lina adzapha anthu." Akanatha kukandinenera, laisensi n'kulandidwa, dzina n'kuipa mpaka kalekale, pakuti oyendetsa ndege m'dziko muno ndi ochepa ndipo onse amadziwana. M'malo mwake anandipatsa rula, nati ndidule mzere umodzi pa bodzalo, loonekabe, ndi kusaina pambali. Mzere umenewo ulipo mpaka lero. Paliponse pamene ndinakafunsira ntchito anautsegula n'kufunsa, ndipo nthawi iliyonse ndinayenera kufotokoza ndi pakamwa panga. Ola la bolopeni usalembe. Ngakhale limodzi. Ngakhale theka.

Ukapeza CPL usaganize kuti Proflight kapena Zambia Airways akudikira pa geti. Maola 200 ndi pakhomo chabe. Laisensi ya kaputeni wa ndege zikuluzikulu imafuna maola 1,500, ndipo ambiri amafunanso chilolezo choulukira m'mitambo ndi cha ndege ya injini ziwiri, zimene ndi ndalama zina. Ziwerengere kuyambira pachiyambi. Ena amadzaza maola pophunzitsa anzawo. Ena amanyamula alendo okaona nyama ku Luangwa ndi ku Lower Zambezi m'nyengo yachilimwe. Ena amapita ku Maun m'dziko la Botswana n'kukhala miyezi akugogoda pa zitseko. Ine ndinayamba ndi kunyamula zikwama ndi kutsuka ndege, laisensi ili m'thumba, mpaka wina anandikhulupirira. Sunga ndalama yodyera miyezi yodikira imeneyo. Palinso njira ya Zambia Air Force, kumene boma limakuphunzitsa, koma kumeneko ukulowa usilikali ndi moyo wako wonse, usapiteko pongofuna maola aulere. Ndipo ntchito imeneyi imagwedezeka. Zambia Airways yakale itatsekedwa mu Disembala 1994, akatswiri a zaka zambiri anagona ali pantchito n'kudzuka alibe. Mu 2020 mliri unaimitsa ndege zambiri padziko lonse. Satifiketi yanga ya uphunzitsi ndi imene inandidyetsa nthawi ya mliriyo. Khala ndi luso lina m'manja.

Atate anamwalira ndisanawanyamule m'ndege. Laisensi anaiona, anaigwira, anaitembenuza uku ndi uku, koma anali atadwala kale. Ndikanayenda mwadongosolo ndikanamaliza zaka ziwiri m'mbuyo mwake, ndipo bwenzi ataona munda wawo ali m'mwamba. Ng'ombe ndinabwezeretsa m'khola, koma mwini khola anali atapita.

Tsono iwe mnyamata wa pa siteshoni, ndi iwe mtsikana amene sunauzebe munthu, chita izi. Uza atate ako kuti ng'ombe azisiye kaye. Gulitsani mbuzi ziwiri kapena matumba angapo a soya, ukwere basi ya m'mawa yopita ku Lusaka. Ukafunse ku Civil Aviation Authority mayina a madokotala ovomerezeka, ukayezetse Class 1, utengenso malamulo a laisensi olembedwa, osati a pakamwa. Ukayendere sukulu ziwiri kapena zitatu, iliyonse ikulembere mitengo yake yonse pa pepala. Pobwera ugule kope la masamu ndi rula. Undipeze pa Boma Loweruka, tidzakhale pansi tijambule mizere: maola a mphunzitsi, a wekha, a ulendo wautali, a usiku, a mawotchi, mwezi umene aliwonse adzaulukidwe, ndi kumene ndalama ya mzere uliwonse idzachokere. Atate ako abwere nawo, adzaone nambala ya pansiyo ndi maso awo.